Phiri la Mtovu

Kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi a Gwenda Hallam anakhala pa mitala ndi asilikali. Osati asilikali oti n'kuwapatsa moni, ayi, koma tiasilikali ta mtovu tosafika ndi theka lomwe la chala, timene amuna awo a Clifford ankatipenta kamodzikamodzi pa tebulo lodyera. Banja la a Hallam linkadya mbale ili pamiyendo, chifukwa tebulo linali la Afalansa a mtovuwo.

Pa zina zonse a Clifford anali munthu wolongosoka. Ntchito ya ku njanji anaigwira mpaka kupuma popanda wowadandaula, mowa ankamwa wa Lachisanu wokha, ndipo anthu a mu msewu wawo ku Ilkeston ankawatchula akafuna kudzudzula amuna ena. Koma akangokhala pa tebulo paja, n'kusanjikiza magalasi awiri pamphuno, n'kusongola kaburashi ndi milomo, basi munthu wapita. Mukanawauza kuti nyumba ikupsa, akanayankha kuti, "Ndingomalizitsa mabataniwa." Ankapenta mabatani, malamba, ndevu, mpaka maso. Maso a kanthu kotero angawaone ndani? Iwo ankati kamsilikali kopanda maso sikadziwa kolowera.

Lachinayi lililonse masana ankalongedza topenta kale m'zitini za mabisiketi n'kupita nato ku holo ya tchalitchi. Kumeneko madoda asanu ndi atatu, ena a imvi ena a dazi, ankayala nsalu yobiriwira pa matebulo, kuponya madayisi, kuyeza ndi tepi, ndi kukangana mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka pa nkhondo zimene zinatha zaka mazana awiri zapitazo. Lamulo la kalabu yawo linali limodzi: kamsilikali kosapenta sikaponda pa tebulo.

Tsono matenda a anthu amenewa ndi akuti dzanja logula limathamanga kuposa dzanja lopenta. Akapenta khumi, agula makumi atatu. Tosapentato amatiunjika m'makatoni a nsapato, ndipo mulu umenewo amautcha phiri la mtovu, monyadira ngati ndi munda. Phiri la a Clifford linali pansi pa bedi, pamwamba pa wadirobu ndi m'chipinda cha alendo monse, moti kwa zaka makumi awiri palibe mlendo anagonamo. Nyimbo ya a Gwenda inali imodzimodzi chaka ndi chaka: "Muyambe mwamaliza tomwe muli natoto, a Cliff." A Clifford ankavomera ndi mutu, dzanja likulemba fomu yoitanitsira tina.

Ndiye chaka china mu Malichi a Clifford anagwa m'khitchini, ndipo kuchipatala anawachita opaleshoni ya mtima. Anabwerako ataonda, mawu atachepa. Dokotala anati zonse zayenda bwino, azingomwa mapilitsi ndi kuyendako pang'ono tsiku lililonse. Mapilitsiwo ankamwa ndithu. Koma panasintha chinthu china chimene dokotala sanalembe: a Clifford anasiya kugula. Timabuku totsatsa tiasilikali tikabwera pa positi, ankatiponya mu bini osatitsegula. Ankadzuka m'mawa, kumwa tiyi, n'kukhala pa tebulo mpaka dzuwa kupendeka. Makatoni ena anagawira anzawo, otsalawo anayamba kutha limodzilimodzi.

A Gwenda anakondwa, tisabise. Anasesa pansi pa bedi mpaka kukhoma, chinthu chimene anali asanachitepo chilowereni m'nyumbamo. Anatsegula mawindo a m'chipinda cha alendo. Aliyense wowafunsa za odwala ankamuuza kuti mpeni wa dokotala unachotsa ndi matenda ena omwe amene sanauzidwe.

Patatha chaka ndi theka, Lachinayi lina, anawaperekeza amuna awo ku holo, popeza zitini zinali zolemera ndipo dokotala analetsa zonyamulanyamula. M'kakhitchini ka holoyo anapezamo a Rodney Purseglove, mnzawo wa a Clifford wa kuyambira ku pulayimale, bambo wa mimba yake ndi pakamwa posatopa, akuthira tiyi m'makapu.

"Alamu! Lero mwabwera kudzaona amuna anu akuthawa pa nkhondo?"

"Ndabwera kudzakuphunzitsani khalidwe, a Rodney. Anzanu atsala pang'ono kuligwetsa phiri lawo. Kwatsala khumi ndi tiwiri basi."

"Makatoni?"

"Tiasilikali."

A Rodney anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. "Ndiye n'chifukwa chake anandigawira makatoni asanu aja? Ine n'kumati Cliff wayamba kupemphera." Anasuzumira pakhomo, n'kutsitsa mawu. "Alamu, mwakhala ndi munthu wopenta zaka zonsezi osadziwa? Munthu samwalira ali ndi tosapenta. Phiri lija ndi limene limatisunga ife. Tsiku lomwe wapenta komaliza, uyambe kutsanzika abale."

"Aaa, zachibwana."

"Zachibwana? Alwyn Tordoff anamaliza mzinga wake wotsiriza Lachiwiri. Lachisanu akazi ake anali akutiimbira foni."

"A Alwyn anali nkhalamba yotheratu, ndipo ankasuta ngati ng'anjo ya njerwa."

"Ee, koma anamaliza. Ine ndili nato zikwi zinayi, alamu. Mukandiwerengera bwinobwino, ndidzafa ndili ndi zaka 140."

A Gwenda anaseka mpaka kugwira sinki. Iwo anagwira ntchito zaka makumi atatu m'sitolo ya mankhwala, ndipo ankadziwa chimene chimasunga munthu: mapilitsi awiri m'mawa, limodzi madzulo. Zoti moyo ungakhale m'katoni ya nsapato zinali nkhani za madoda osowa chochita.

Koma mawa lake, akudutsa pa tebulo ndi thireyi, maso awo anawerenga okha osatumidwa. Khumi ndi kamodzi. Pofika Lachiwiri tinali tisanu ndi tinayi. Anayang'ana a Clifford, khosi loonda lija litawerama pansi pa nyale, dzanja likuthamanga ngati pali wowathamangitsa, ndipo anachita mantha. Walira mvula walira matope: nyimbo imene anaimba zaka makumi anayi ija inali itamveka tsopano.

Anayamba ndi nzeru zazing'ono. Anabisa kaburashi, a Clifford n'kungotsegula dirowa mmene munali tina makumi atatu. Anawatuma mkaka katatu tsiku limodzi, mpaka furiji inakana. Anawakokera ku Matlock kukawongola miyendo, ndipo bamboyo anayenda, anadya tchipisi, anathokoza, atabwerako n'kupenta tiwiri pofuna kubweza tsiku lotayikalo.

Titatsala tisanu, a Gwenda anameza manyazi n'kukagogoda kwa a Rodney.

"Mundibwezere makatoni aja."

"Iii, alamu, mukufuna kundichotsera zaka? Paja munati n'zachibwana."

"N'zachibwana ndithu. Bweretsani."

"Ayi, tamverani. Akangoona makatoni ake omwe, adziwa pomwepo. Cliff amadziwa kamsilikali kake ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake." Anakwera m'chipinda chapamwamba, kunamveka kugubuduza, n'kutsika ndi tisanu ndi kamodzi m'dzanja. "Tengani tangati, ndi Afalansa nawonso. Muzilowetsa tiwiritiwiri, asazindikire. Mwezi wathunthu wa moyo wanga ukupita apa, mudzandikumbukire."

A Gwenda analowetsa tiwiri m'katoni madzulo omwewo. M'mawa a Clifford anatola kamodzi, kukatembenuza kamodzi kokha pansi pa nyale.

"Gwenda, kodi Rodney anabwera kuno?"

"Ayi. Bwanji?"

"Chipewa ichi chinayamba kuvalidwa mu 1812. Anga onse ndi a 1809. Ndiponso taonani mutuwu, ngati dzungu. M'chigawo chonse chino cha Derbyshire wogula tamitu totere ndi Rodney yekha."

A Gwenda anasuzumira. Kwa iwo zipewa ziwirizo zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. A Clifford anakulunga tialendoto m'pepala, analembapo dzina la a Rodney, ndipo sanafunse china.

Tinatsala titatu, kenako tiwiri, kenako kamodzi. Komalizako kanali kamsilikali koimba ng'oma, timikono tili m'mwamba. Lolemba masana, a Clifford atalowa kubafa, a Gwenda anakatola n'kukaponya m'thumba la epuloni.

A Clifford sanafufuze n'komwe. Anakhala pa mpando wawo, anayang'ana m'katoni yopanda kanthu, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani woimba ng'oma, Gwenda."

"Ndani ameneyo? Sindikumudziwa ine."

"Dzanja lanu silinachoke pa thumbalo chilowereni ine muno." Anavula magalasi apamwamba. "Rodney wakuuzani zopusa zake zija, eti? Ija ndi nthabwala ya ku kalabu, mayi. Inu woti munagulitsa mankhwala zaka zonse zija."

"Ndikudziwa kuti ndi nthabwala! Nanga inuyo mukuthamangira chiyani?"

A Clifford anapukuta magalasiwo ndi kansalu nthawi yaitali, ngakhale anali oyera kale.

"Rodney amanama, Alwyn sanamalize. Tsiku limene tinapita kukathandiza akazi ake a Noreen kuchotsa katundu, Rodney kunalibe. Mukudziwa msana wake umadwala kukakhala zonyamula. Topenta tinagawana bwinobwino, tina tinapita kwa adzukulu. Kenako tinatsegula galaja. Makatoni makumi awiri, Gwenda, amene Alwyn ankawabisira akazi ake. Tiasilikali takalekale, tating'ono, toti masiku ano palibe amene amasewera nato. Palibe anatifuna. Tonseto tinakathera kwa wogula zitsulo zakutha. A Noreen anangoima pakhomo la galaja akulira, akuti, 'Ndizitani nazo zinyalalazi?' Chaona mnzako chapita. Ndili gone kuchipatala kuja ndinkangoona inu mutaima chimodzimodzi pakhomo la chipinda cha alendo. Ndinati ayi, mkazi wanga ndimusiyire m'nyumba moyera."

"Dokotala anati mtima uli bwino."

"Dokotala uja ndi mwana wa dzana."

"Chabwino. Tinene kuti mwamupenta woimba ng'omayu. Kenako?"

A Clifford anakweza mapewa. "Kenako ndizikhala."

"Muzikhala mukutani?"

"Ndizingokhala, Gwenda."

Anayankhula mofatsa, mopanda ndi chisoni chomwe, ngati munthu amene walongedza kale ndipo akungodikira basi pa siteji. Apa mantha a a Gwenda anasanduka ukali. Zaka zonsezi ankapempha nyumba yoyera, ndipo munthuyu anali kuwapatsadi, iye mwini n'kudzisesera kunja limodzi ndi makatoni. Woimba ng'oma anatsalabe m'epuloni.

M'mawa mwake anavuula kabuku kotsatsa kamodzi mu bini, anakopera adiresi, anatenga kangolo kawo kogulira zinthu ka matayala awiri kaja, n'kukwera basi ya ku Nottingham. Malowo anawapeza atasochera kawiri: kafakitale kobisika kuseri kwa okonza matayala, konunkha chitsulo chotentha. Pa kauntala panali bambo wa ndevu zofika pachifuwa, epuloni yake yobowokabowoka ndi moto.

"Tikuthandizeni, mayi. Mphatso ya mdzukulu?"

"Ya mwana wa zaka 73. Ndikufuna tovuta kupenta kuposa tonse muli nato muno."

Bamboyo anaphethira. Zinaoneka kuti funso limeneli linali lisanalowepo pakhomo limenelo. Anatembenukira ku chitseko cha kuseri n'kuitana mnzake wa ku ng'anjo. "Sukhdev! Tabwera udzamve izi."

Anatulukira bambo wina wamtali, akuvula magolovesi. Atamva nkhaniyo anayankha mosazengereza kuti tovuta ndi okwera pa akavalo a ku Hungary, a zingwe zagolide pachifuwa ponse. Wandevu uja anakana ndi mutu ndi manja omwe.

"Zingwe ndi masewera, achimwene. Mayi, tovuta ndi asilikali a ku mapiri a Scotland, ovala masiketi aja. Siketi iliyonse ndi timizere topingasana, tobiriwira, tabuluu, takuda, n'kubwera kamzere kachikasu pamwamba. Masokosi ndi timabokosi tofiira ndi toyera. M'mphepete mwa chipewa timabokosi tina. Ine ndinaonapo mwamuna wamkulu, wa ana ake, akulira chifukwa cha masokosi amenewa."

"Kamodzi kamatenga masiku angati?"

"Munthu wosamala, atatu."

"Amuna anga amapenta ndi maso omwe."

Awiriwo anayang'anizana mwaulemu. "Anayi," anatero Sukhdev.

"Ndipatseni ta zaka khumi."

Wandevu uja anaseka, kenako anaona kuti mayiyo sakuseka. Anasolola pensulo kuseri kwa khutu, analembalemba pa katoni, n'kunena kuti tikhala 900. Anaika pensulo pansi. "Akudwala kodi bambowo?"

"Anadwala, anachira. Panopa angochita ulesi wokhala ndi moyo."

Theka la tiasilikalito linali pa mashelefu, theka linalo Sukhdev anakalisungunulira pomwepo, a Gwenda ali pa stulu akumwa tiyi m'kapu yothimbirira imene kwawo sakanaipatsa ndi galu yemwe. Potseka katoni yomaliza, Sukhdev anaponyamo tina khumi ndi tiwiri toimba zitoliro za thumba. Anati timeneto n'tongowonjezera, ndipo tili ndi nsalu ina ya timizere paphewa, kamodzi sabata yathunthu. Kangolo kanalira njira yonse, ndipo dalaivala wa basi amene anawathandiza kukakweza anafunsa ngati akumanga nyumba.

Anafika kunyumba cha m'ma folo. A Clifford anali pa mpando wawo, manja pamiyendo. Timaburashi anali atatitsuka n'kutindandalika, timabotolo ta penti atatitseka n'kutiika m'bokosi, tebulo atalipukuta mbee. Aka kanali koyamba a Gwenda kuona mtundu wa thabwa la tebulo lawo, ndipo linawanyansa. Anatulutsa katoni yoyamba n'kuigwetsa pomwepo, thi! Yachiwiri, thi! Mpaka yachisanu ndi chimodzi.

"Ichi n'chiyani?"

"Tsegulani, muli ndi manja."

A Clifford anatsegula, anasuzumira, n'kubwerera m'mbuyo. "A ku Scotland? Gwenda, ine ndine wa Afalansa. Awa ndi adani!"

"Ndiye muwapente bwino, Afalansa anuwo adziwe chowathamangitsa."

"Inu mukudziwa masiketi amenewa? Masokosi amenewa?"

"Andiuza. Timabokosi tofiira ndi toyera."

"Tilimo tingati?"

"900, kuphatikizapo oimba zitoliro amene angondiwonjezera."

"Mayi inu, izi ndi zaka khumi!"

"Ndi zomwe ndawauza. Khumi. Ndipo musayerekeze kundisiyira ndi kamodzi komwe kosapenta, a Cliff, chifukwa ine si Noreen. Ine sindilira pakhomo la galaja. Ndikutsatani komweko ndi katoni."

A Clifford anayang'ananso m'katonimo. A Gwenda anaima chilili, chikhoti chili m'thupi, chifukwa nzeru zawo zonse zinathera pamenepo ndipo munthuyu akanangotseka katoniyo analibenso china. Kenako zala za a Clifford zinalowa zokha m'katoni. Zinatulutsa kamodzi. Magalasi achiwiri anakwera pamphuno. A Clifford anakatembenuza kamsilikaliko uku ndi uku, akupukusa mutu, akung'ung'udza kuti opanga a masiku ano sasalaza miyendo, kangafunike kupala kaye.

"Ndidzakhala ndi zaka 83," anatero, osadzutsa mutu.

"Ine 81, ndipo ndidzakhala ndikudandaulabe."

"Nanga woimba ng'oma wanga?"

"Mudzamuona mukamaliza awa."

A Clifford anakoka bokosi la penti n'kuyamba kutulutsa timabotolo, kutiyang'ana kumawindo kamodzikamodzi. Anati yobiriwira imene ali nayo si yake, pafunika yoderako. Yachikasu yauma. Rodney asauzidwe kanthu mpaka gulu loyamba litatha, adzangoliona pa tebulo, adzakomoke. Anawerenga ndi zala, milomo ikugwedera, n'kunena kuti akayamba ndi masokosi, gulu loyambalo likhoza kutha mu Epulo, lachiwiri mwina mu Ogasiti. Kenako anadzutsa mutu.

"Kodi kalendala ya chaka chamawa tinagula? Pafunika yaikulu, ya mipata yolembamo."

A Gwenda anati akagula mawa, n'kulowa m'khitchini msangamsanga, chifukwa misozi inali itafika kale ndipo sankafuna kuti bamboyo aziyesa kuti wapambana ndi iye.